Mukapita Kukalawa Vinyo ku Cape, Funsankoni Amene Anathyola Mphesa

Masiku ano wachinyamata wa mu Lusaka, Kitwe kapena Chipata akapeza mwayi wofika ku Cape Town, pali zithunzi zitatu zimene sizisowa pa status yake. Pa choyamba ali pamwamba pa Table Mountain, pa chachiwili ali m'mbali mwa nyanja, pa chachitatu wagwila tambula ya vinyo, kumbuyo kwake kuli mizele ya mphesa na nyumba yoyela ya makedzana. Chachitatuchi ndiye chimautsa mkangano m'magulu a pa WhatsApp. Ena amati ni chitukuko, nafenso tiyenela kulawako zabwino za pa dziko. Ena amati ni kudzionetsela chabe, kutaya ndalama pa zinthu za azungu.

Ine maganizo anga ni awa: ngati ndalama ni zanu ndipo mwafika kale ku Cape, ulendo wa ku minda ya vinyo pitaniko. Mudzaona zinthu zimene zingakutseguleni mutu pa nkhani ya ulimi na bizinesi. Koma osapitako ngati mbuzi yokokedwa na chingwe, kumangomwa chimene akuthililani na kuvomela chilichonse chimene akuuzani. Minda ija ili na mbili yolemetsa, ili na anthu amene amaigwilila nchito mpaka lelo, ndipo ndalama yanu ikhoza kuwafika kapena kuwaphonya malinga na mmene mwasankhila.

Tsikulo limayenda bwanji

Kwa amene sanamvepo, awa ni maulendo a tsiku limodzi. Kampani imakutengani m'mawa pamalo amene mwagona, nthawi zambili pa ka minibasi ka anthu ochepa, ndipo dalaivala yemweyo kapena munthu wina wapadela ndiye amakhala gaidi wanu. Matauni amene anthu amapitako kwambili ni atatu: Stellenbosch, imene ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokela mu Cape Town, Paarl, na Franschhoek. Amene alibe nthawi amangopita ku Constantia, komwe ni mkati mwa mzinda momwemo. Patsiku mumaima pa mapulazi atatu kapena anayi, n'kubwelela mu tauni dzuwa likamalowa.

Pa pulazi lililonse amakukhazikani pa tebulo n'kukuthililani mitundu ingapo ya vinyo, umodzi umodzi, kamlingo kongokwana kununkhiza na kulawa. Amayamba na woyela, kenako wofiila, wotsekemela amabwela pothela. Pambali pamakhala kachiwiya kolavulilamo, ndipo kulavula si mwano, ni mmene akatswili amachitila kuti mutu usazungulile tsiku lisanathe. Mapulazi ena amaphatikiza vinyo na tchizi, ena na chokoleti, ena na biltong. Ku Fairview, pafupi na Paarl, anthu amakumbukilako kwambili tchizi na mbuzi zimene zimakwela pa kansanja. Ku Boschendal amakupatsani dengu la chakudya kuti mukadyele pa kapinga pansi pa mitengo. Ku Franschhoek, kuyambila mu 2012, kuli Wine Tram, ka sitima na mabasi ake kamene kamazungulila mapulazi, inu n'kumatsika pamene mwafuna. Mukapita kuyambila kumapeto kwa January mpaka cha mu March kapena April, mudzapeza ni nyengo yokolola, matalakita akututa mphesa kupita ku nyumba zofululila.

Chimene nikuyamikila

Chinthu choyamba chimene chimanichititsa kulemekeza maulendo awa ni nzelu ya malonda imene ili kuseli kwake. Vinyo ku Cape anayamba kale. Jan van Riebeeck analemba kuti pa 2 February 1659 ndiye anafinya mphesa koyamba kumeneko. Stellenbosch inakhazikitsidwa mu 1679, Groot Constantia mu 1685, ndipo mu 1688 kunabwela ma Huguenot othawa chizunzo ku France amene anakhala kudela limene lelo ni Franschhoek. Koma zakuti alendo aziyenda pulazi na pulazi kulawa vinyo ni zaposachedwa. Zinayamba mu 1971 pamene alimi atatu, Frans Malan wa ku Simonsig, Niel Joubert wa ku Spier na Spatz Sperling wa ku Delheim, anagwilizana kutsegula njila ya vinyo ya Stellenbosch, potengela zimene zinali kuchitika ku France.

Ganizilani chimene anachita. Mlimi amene amangogulitsa mphesa amadya kamodzi. Amene wafulula vinyo n'kuika m'botolo la dzina lake amadya kawili. Amene waitana mlendo kufika pa pulazi amagulitsa vinyo uja popanda wina wapakati, amagulitsa chakudya chamasana, chipinda chogona, malo a ukwati, olo mthunzi wa mtengo na phili limene lili kumbuyo kwa nyumba. Yelekezani na mlimi wathu wa ku Petauke kapena ku Mkushi, amene amalima chaka chonse n'kupeleka chimanga ku FRA kapena kwa ogula oyenda na sikelo m'midzi, pa mtengo umene sanaupange iye. Wachinyamata amene ali na maso akayenda tsiku limodzi ku Stellenbosch adzaona kusiyana kumeneku bwino kupambana mmene angakumvele m'kalasi.

Chachiwili ni gaidi. Anthu ena amati bwanji osangobweleka motoka n'kudziyendela wekha, si kutchipa? Koma ulendo wa vinyo ni ulendo wa mowa, ndipo tumilingo tuja tukaphatikizana pa mapulazi anayi timakwana matambula angapo. Lamulo la ku South Africa ni lolimba kupambana mmene ambili amaganizila: mowa wa m'magazi ukafika 0.05, mwalakwa kale. Kukhala na dalaivala amene sakumwa ni kusunga moyo wanu na wa anthu oyenda pansi m'mbali mwa misewu ya kumapulazi. Komanso gaidi wabwino amakuuzani zimene simungazidziwe nokha, monga zakuti mphesa yochedwa Pinotage inabadwila komweko mu 1925, pamene Abraham Perold wa pa yunivesiti ya Stellenbosch anakwatitsa Pinot Noir na Cinsaut, kapena zakuti Chenin Blanc ndiye mtundu umene umalimidwa kwambili m'dzikolo.

Chachitatu, nifuna kuchotsa manyazi amene amagwila anthu athu pa tebulo lija. Wothila vinyo akayamba kuchula zipatso za ku Ulaya zimene simunazionepo, n'kumati muyenela kuzimva m'mphuno, musadzione ngati mbuli. Mphuno imakumbukila zimene inakula nazo. Ngati kwa inu vinyo uja anunkhila ngati masuku okupsa, ngati mabuyu, ngati utsi wa malasha, kapena ngati dothi mvula yoyamba ikagwa mu November, kambani zimenezo. Simunalakwe. Ndipo ngati sanakukomeleni, kambaninso. Mwalipila kuti mulawe, osati kuti mulembe mayeso.

Zimene nyumba zoyela sizikamba

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyelele. Pa mapulazi akale ambili mudzaona kachipilala koyela kopachikapo belu. Alendo amakonda kujambulitsa pamenepo chifukwa n'kokongola. Belu lija linali loitanila akapolo ku nchito. Minda ya mphesa ya ku Cape inalimidwa na manja a akapolo ochokela ku Madagascar, ku Mozambique na gombe la kum'mawa kwa Africa, ku India na ku zilumba za Indonesia, pamodzi na a Khoekhoe amene analandidwa malo odyetselako ziweto zawo. Vinyo wotsekemela wa ku Constantia, amene mafumu a ku Ulaya anali kumulimbilana ndipo Napoleon anali kumwa ali mu ukaidi pa chilumba cha St Helena, anachokela mu thukuta la anthu amenewa. Ukapolo unathetsedwa mu 1834, koma anthu anakakamizidwa kugwililabe nchito ambuye awo mpaka mu 1838.

Nkhani iyi si yakutali na ife. Mu December 1794 chombo cha Apwitikizi chochedwa São José, chimene chinanyamula akapolo pafupifupi 500 kuchokela ku Mozambique kupita ku Brazil, chinasweka pa miyala pafupi na gombe la Clifton, pamene lelo anthu amaothela dzuwa. Ambili anamila, ndipo amene anapulumuka anagulitsidwa ku Cape komweko. Njila za malonda a akapolo za ku gombe la Mozambique zinali kulowa mkati mwa dziko mpaka ku zigwa za Zambezi na ku nyanja ya Malawi, madela a makolo a ambili a ife. Olo liwu lakuti pulazi limene timakamba tsiku lililonse linachokela ku liwu la Afrikaans lakuti plaas. Dziko lija na lathu linalukana kalekale.

Ukapolo utatha kunatsala chizolowezi choipa chochedwa dop. Eni mapulazi anali kupatsa anchito vinyo wotchipa kangapo patsiku monga mbali ya malipilo awo. Munthu amene wazolowela mowa wa bwana sachoka pa pulazi, sadandaula, ndipo sasunga ndalama. Lamulo linaletsa mchitidwewu cha m'ma 1960, koma mapulazi ena anapitiliza mpaka m'ma 1990. Zipsela zake zikalipo. Madela a mapulazi a ku Western Cape ni ena mwa malo amene ali na ana ambili pa dziko lonse obadwa na vuto la ubongo na kakulidwe chifukwa amayi awo anali kumwa ali na pakati. Mwana wotele amavutika kusukulu moyo wake wonse, pa mlandu umene unayamba iye asanabadwe.

Musaganize kuti zonsezi ni za kale. Mu 2011 bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti lochedwa Ripe with Abuse, lofotokoza za nyumba zosayenela anthu, anchito opopela mankhwala popanda zodzitetezela, kusowa madzi akumwa na zimbudzi m'minda, na kuopsezedwa kwa ofuna kulowa mu union. Chakumapeto kwa 2012 anchito a kumapulazi a mphesa ku De Doorns ananyanyala nchito, ndipo sitalaka ija inafalikila m'matauni ena. Panthawiyo malipilo otsikitsitsa anali R69 patsiku. Iwo anafuna R150, boma linaika R105 kuyambila mu March 2013. Zinatenga mpaka 2021 kuti malipilo otsikitsitsa a kumapulazi alingane na a anchito ena m'dzikolo. Vuto lina ni la nyumba. Banja limene lakhala pa pulazi mibadwo itatu likhoza kuuzidwa kuti lichoke tate akamwalila kapena nchito ikatha, ngakhale kuti pali lamulo la 1997 loteteza anthu okhala pa mapulazi. Ambili amakathela m'makomboni monga Kayamandi ku Stellenbosch, Mbekweni ku Paarl na Langrug ku Franschhoek. Minibasi ya alendo imadutsa pafupi na malo amenewa, koma nthawi zambili siimapo.

Nanga si bwino kungokana kupitako?

Pali anzanga amene akamva zimenezi amati basi, tisapeleke ndalama zathu kumeneko. Maganizo awa nimawalemekeza, chifukwa ni mzimu umene dziko lathu linali nawo m'nthawi ya a Kaunda, pamene Lusaka inali likulu la ANC ili mu ukapolo wa ndale ndipo tinavutika nawo limodzi. Koma kunyanyala kwa nthawi ija kunali kopemphedwa na eni nkhondo okha, ndipo kunali na cholinga chodziwika, kugwetsa tsankho. Lelo mukakhala kunyumba, mwini pulazi sadziwa n'komwe kuti munakana, chifukwa mpando wanu utengedwa na mlendo wa ku Germany. Amene angamve kusowa kwanu ni dalaivala wa ku Gugulethu amene anagula minibasi ya nkhongole kuti ayambe kampani yake, na weita wa ku Mzimba kapena ku Masvingo amene amadalila tipu kuti atumize ndalama kwawo. Komanso vinyo yemweyo ali kale m'mashelefu a Shoprite na Pick n Pay muno mu Lusaka. Amene amamugula kuno osafunsa kalikonse sali woyela kupambana amene wapita kukaona na maso.

Enanso amati, iwe, munthu ali pa holide, wasunga ndalama chaka chonse, ufuna akakhale wofufuza milandu? Ayi. Sinikuti mukaononge chisangalalo cha anzanu na ulaliki pa tebulo. Ife amene timathandizako pa wailesi timadziwa kuti funso limodzi lofunsidwa mwaulemu limatsegula nkhani kupambana kukuwa. Safunsa anadya phula. Ndipo funso la mlendo lili na mphamvu, chifukwa malonda awa amakhalila mbili yabwino. Filimu ya Bitter Grapes itaonetsedwa ku maiko a Scandinavia mu 2016, masitolo ena ku Denmark anachotsa vinyo wina wa ku South Africa m'mashelefu, ndipo makampani anayamba kuthamanga kuonetsa kuti akukonza zinthu. Ogula akamafunsa, eni mapulazi amamva.

Mafunso ake ni osavuta. Musanalipile, funsani kampani kuti mwini wake ndani, ndipo ngati mungathe sankhani ya munthu wa komweko amene amayendetsa yekha. Funsani ngati pa mapulazi amene mudzaimapo pali limene anchito ali na gawo la umwini, kapena limene limagulitsa vinyo wa opanga akuda. Pa botolo yanganani chizindikilo cha Fairtrade kapena cha WIETA, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 2002 kuti liziyendela mapulazi kuona mmene anchito akusungidwila. Zizindikilo izi si umboni wakuti zonse zili bwino, ndipo mabungwe a anchito akhala akudandaula kuti kuyendela kwake n'kofooka, koma zimakupatsani poyambila kufunsa. Pemphani gaidi kuti aime ku Pniël, mudzi umene uli pakati pa Stellenbosch na Franschhoek, umene unayamba mu 1843 monga malo a anthu omasulidwa ku ukapolo, ndipo uli na nyumba yosungilamo mbili yawo. Pempheninso kuti aime pa geti ya ndende ya Drakenstein, imene kale inali Victor Verster, pamene Nelson Mandela anatulukila pa 11 February 1990. Mwezi womwewo usanathe anali atafika kale mu Lusaka. Gaidi amene akwiya na mapempho otele wakuuzani kale kuti ni gaidi wa mtundu wanji.

Ndipo tipu musaiwale. Ku South Africa chizolowezi m'malesitilanti ni kusiya osachepela 10 pelesenti. Wothila vinyo uja akakumvani mukukamba Chinyanja n'kukuyankhani kuti "muli bwanji achimwene", musadabwe. Abale athu a ku Malawi na ku Zimbabwe ni ambili m'makhitchini, m'minda ya maluwa na pa matebulo a kumeneko. Mpatseni moni wa kwathu, mufunseni za kumudzi, ndipo musamudyele masuku pamutu.

Amene akusintha nkhope ya vinyo

Gawo la minda ya mphesa limene lili m'manja mwa anthu akuda likali lochepa kwambili, ngakhale papita zaka zoposa 30 kuchokela mu 1994. Malo ni odula, ndipo mpesa umatenga zaka zingapo usanayambe kubweza ndalama. N'chifukwa chake opanga vinyo akuda ambili alibe pulazi. Amagula mphesa kwa ena n'kubweleka malo ofululila, ndiye pa ulendo wamba simungawaone pokhapo mutawafunsa na dzina.

Maina ake alipo. Ntsiki Biyela anakulila ku Mahlabathini m'chigawo cha KwaZulu-Natal, anagwilapo nchito ya m'nyumba, ndipo pamene anapeza thandizo lokaphunzila za vinyo pa yunivesiti ya Stellenbosch anali asanalawepo vinyo, komanso maphunzilo anali mu Afrikaans, chinenelo chimene sanali kuchidziwa. Anakhala mkazi wakuda woyamba kupanga vinyo m'dzikolo, ndipo kampani yake anaipatsa dzina la agogo ake, Aslina. Kuli Carmen Stevens, kuli Seven Sisters, kuli M'hudi ya banja la a Rangaka.

Nkhani imene iyenela kukhudza kwambili wachinyamata wa kuno ni ya anyamata anayi a ku Zimbabwe: Joseph Dhafana, Tinashe Nyamudoka, Marlvin Gwese na Pardon Taguzu. Anathawa mavuto a zachuma kwawo, anayambila pansi ku South Africa, n'kukwela mpaka kukhala akatswili osankha vinyo m'malesitilanti otchuka a ku Cape. Mu 2017 anaimilako Zimbabwe pa mpikisano wa dziko lonse wozindikila vinyo popanda kuona botolo, umene unachitikila ku France, ndipo nkhani yawo ili mu filimu ya Blind Ambition. Dhafana anayamba na kulima m'dimba la maluwa na kutsuka mbale. Lelo ali na vinyo wake wochedwa Mosi, dzina lochokela ku Mosi-oa-Tunya, mathithi amene timagawana nawo. Nyamudoka wake anamucha Kumusha, kutanthauza kumudzi. Amene amati vinyo ni za azungu afunika kuwauza anthu awa pamaso. Mukafika pa sitolo kapena pa lesitilanti kumeneko, funsani mabotolo awa. Olo mupeze kuti alibe, mwini malo wamva kuti pali wina amene anawafuna.

Thumba lanu na mutu wanu

Apa nikambe mosabisa. Ulendo uwu suyenela kaloba. Mtengo umene mumaona pa intaneti nthawi zina suphatikiza chakudya chamasana kapena ndalama yolawila pa pulazi lililonse, ndiye welengani bwino musanalipile, ndipo kumbukilani kuti pa pulazi lililonse adzakunyengelelani kugula botolo. Simukakamizidwa. Chithunzi chimakhala pa status maola 24 chabe, koma wa kaloba amagogoda pa chitseko miyezi. Ngati ndalama zili zochepa, pitani pa pulazi limodzi lokha, monga Groot Constantia imene ili pafupi na tauni ndipo ili na nyumba yosungilamo mbili ya pulazilo, mulawe, muyende m'munda, mubwelele. Mwaona zokwanila.

Komanso tisanamizane, vinyo ni mowa. Tambula yokongola na dzina la Chifulenchi sizisintha zimene amachita ku chiwindi. Dziko lathu lidziwa zimene mowa umachita kwa achinyamata, mpaka boma linaletsa tujilijili mu 2012. Ngati muli na pakati, musalawe olo pang'ono, ndipo mbili ya dop ikuuzani chifukwa chake. Ngati munasiya mowa chifukwa unali kukuvutitsani, ulendo uwu si wanu, ndipo mnzanu weniweni sangakukokeleniko. Ngati simumwa chifukwa cha chikhulupililo, mapulazi ambili ali na madzi a mphesa, chakudya na minda yoyendamo, ndiye mukhoza kupita na anzanu osaphwanya chikumbumtima chanu. Palibe amene ayenela kunyozedwa chifukwa wakana tambula.

Chobwela nacho kunyumba

Botolo limatha usiku umodzi. Chimene nifuna mubwele nacho ni funso lakuti, nanga ife tingaitanile alendo kudzaona chiyani? Sinikuti tiyambe kulima mphesa potengela ena, chifukwa Cape ili na mvula ya m'nyengo yozizila na chilimwe chouma, pamene kuno mvula imagwa nthawi imene mphesa zifuna dzuwa. Koma tili na khofi ku Kasama na ku Mazabuka, tiyi ku Kawambwa, uchi wa m'nkhalango ku Kabompo na ku Mwinilunga, zinanazi ku Mwinilunga komweko, mpunga na makoloso ku Mongu, nshawa ku Chipata. Tili na munkoyo, chibwantu na thobwa, ndipo amayi alionse ali na kaphikidwe kawo. Tili na chikanda, ifisashi, nsomba za ku Siavonga. Mlendo amene wabwela ku Nc'wala kapena ku Kulamba amadya chiyani, amagona kuti, ndipo ndani amamufotokozela zimene akuona?

Alimi atatu aja a mu 1971 sanayembekezele unduna. Anagwilizana okha, anatsegula mageti pa nthawi yodziwika. Zimenezi achinyamata asanu a ku Mazabuka kapena ku Chipata angazichite, wina ali na minibasi, wina adziwa kuphika, wina adziwa kukamba na anthu, wina adziwa kujambula na kuika pa intaneti. Choyamba chofunika ni kusunga nthawi, chimbudzi chaukhondo, na mtengo umene susintha poona nkhope ya munthu.

Koma tikatengela nzelu yawo, tisatengele na tchimo lawo. Mapulazi athu nawonso ali na anthu amene amathyola khofi, kudula nzimbe na kutola tiyi pa malipilo amene sakwana thumba la unga na lendi. N'kosavuta kuloza chala mwini pulazi wa ku Paarl uku wanchito wa pa nyumba pathu sanalandile miyezi iwili. Ngati tidzapanga njila ya khofi kapena ya uchi, wothyola na wofula akhale nawo pa tebulo, dzina lake lichulidwe, ndipo gawo lake likhale lolembedwa kuyambila tsiku loyamba.

Choncho pitani, anzanga. Nunkhizani, lawani, idyani tchizi, jambulitsani mmene mufunila. Koma pakati pa tambula yachiwili na yachitatu, mufunseni amene akukuthililani uja kuti anathyola mphesa izi amakhala kuti, ndipo ana awo amaphunzila sukulu iti. Yankho lake mudzatiuzeko mukabwela.